Telala amene anakana kachubu

Abale anga, panali telala wina amene ankasokera pakhonde la sitolo. Mwana wake wamkazi, Tinyade, anali pafupi kukwatiwa, ndipo nsalu ya diresi laukwati inali itadulidwa kale. Koma thupi linayamba kumuyabwa. Asoke pang'ono, akande, asokenso, akandenso. Maso anachita chikasu, mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka.

Anzake apamsika anati, "Achimwene, n'chikasu ichi, tafunani nzimbe!" Aliyense wodutsa ankamusiyirako kamzimbe, anthu achifundo ndithu. Koma maso anangopitirira kuchita chikasu.

Kuchipatala chachikulu dokotala atamuunika, anakoka mpando n'kukhala naye pafupi. "Bambo, muli ndi khansa pa kapamba. Chotupacho chapana njira ya ndulu, ndiye ndulu ikubwerera m'magazi. Kuchichotsa sitingathe, chafalikira. Koma titha kuikamo kachubu kuti njirayo itseguke."

"Kachubuko kandichiritsa?"

"Ayi. Koma kuyabwa kudzatha, mudzadya, mudzagwira ntchito."

Telala anadzuka. "Ine ndinapempha Mulungu machiritso, osati kachubu. Mayi, nyamulani chikwama tizipita."

Mkazi wake sananyamule. Anamugwira dzanja lija lodzaza ndi zilonda zokanda, n'kulisisita. "Bambo a Tinyade, nanga diresi lija asoke ndani? Mwana wanu akalowe m'tchalitchi ndi msoko wa eni ake?"

Bambo uja anayang'ana manja akewo nthawi yaitali. Kenako anati, "Adokotala, kaikeni."

Ndiye tamvani! Masiku ochepa chabe, kuyabwa kunaleka. Anapempha phala, atamaliza anapemphanso lina! Pakutha milungu itatu maso anayera. Tsiku limene makina analiranso pakhonde paja, amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kuyamba kululutira. Diresi linasokedwa mpaka batani lomaliza, ndipo tsiku la ukwati iye mwini anamugwira mwana wake padzanja, ndawala mpaka kuguwa. Khansa ija inalipobe, iye ankadziwa. Koma anavina, abale, anavina!

Ambirife timapempha Mulungu kuti achotse vuto lonse, ndipo akatipatsa kochepa timanyamula chikwama. Nthawi zina Iye sachotsa chotupacho, amangotsegula kanjira kuti mumalize ntchito imene anakupatsani. Kachifundo kameneko musakakane. Kachokera m'dzanja lomwelo limene mukuyembekezamo zazikulu.