Timitengo Tiwiri ta Mkamwini

Kuchigwa kotentha, kumene dzuwa silichitira munthu chisoni, kunali mayi wina amene anthu ankamutchula kuti a Nangondo. Anali mlimi wa thonje, wa manja osakhazikika. Akaona chinthu chikuvutika, tulo sankatiwona mpaka atachitapo kanthu. Kamwana ka mbuzi kakabadwa nthawi yozizira, ankakagoneka pafupi ndi moto. Anapiye akanyowa ndi mvula, ankawafukata m'chitenje. Anthu ankawatama, ndipo iwo kutamidwako sankadana nako.

Mwana wawo wamkazi, Elube, anali namwino kudziko lakutali la kumpoto, kumene madzi amauma gwa chifukwa cha kuzizira. Anakwatiwa komweko ndi mnyamata wochokera kwathu konkuno. Chaka china, masamba akuyoyoka m'mitengo, mnyamatayo anamwalira mwadzidzidzi. A Nangondo anakwera ndege kukakhala ndi mwana wawo.

Anakapeza dziko lili m'tulo. Dzuwa linkatuluka mochedwa, n'kuyenda pang'ono m'mphepete mwa thambo, n'kulowanso ngati laiwala kanthu. Kumwamba kunkagwa zinthu zoyera zonga thonje, mwakachetechete, popanda wozitola. Mitengo yonse ya m'misewu inali yakuda, yopanda ngakhale tsamba limodzi. Nthawi zina a Nangondo ankaima pawindo osadziwa ngati ali maso kapena akulota.

Elube nayenso anali ngati mitengoyo. Sankalira, sankaseka. Ankakhala pampando atafunda jekete ya malemu mwamuna wake, maso ali panja. Chakudya ankangochilawa. Mayi ake anachita mantha kwambiri. Anaona kuti ataya mkamwini, ndipo tsopano ataya mwana akupenya.

Kuseri kwa nyumba, kumene Elube ankayang'anako, kunali timitengo tiwiri ta maapozi m'miphika ikuluikulu. Malemu uja ndiye anatibzala, akuti adzatiwokera pansi akadzapeza nyumba yawoyawo. Mphatso ya mwana anali asanaione, choncho chamoyo chimene anasiya chinali timitengo timeneti basi.

Kwathu mtengo ukayoyola masamba umakhala ukudikira mvula. Koma kumeneko madzi anali ponseponse, ndiye a Nangondo anati chikupha mitengo ndi chisanu. Anadandaula chamumtima kuti anthu a dziko limeneli ndi odabwitsa: galu amamuveka juzi, mtengo n'kuusiya panja. Anakumbukira kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambi wina uja, woti dziko la eni ndi mowa ukaponda waledzera, sanaukumbukire.

M'mawa wina anamanga chitenje m'chiuno, natuluka. Mphika woyamba anaukoka mpaka kuulowetsa m'nyumba. Wachiwiri unakana, poti unali utamatirira pansi ndi madzi oundana. Anaupepesa, nausiya. Kamtengo kolowa m'nyumba kaja anakaika pafupi ndi chitsulo chotenthetsa chipinda. Ankakathirira madzi ofunda, n'kumakayimbira nyimbo zotolera thonje. Elube anaona zonsezi ali pampando wake.

Patapita milungu ingapo, kunja kukadali koyera, kamtengo kaja kanatulutsa masamba. Anali aatali, opyapyala, otumbuluka ngati chimanga chomera pansi pa mtondo. A Nangondo kutumbulukako sanakuone. Anavina okha m'chipindamo.

"Taona, mwanawe," anatero. "Mtengo wa mwamuna wako wadzuka. Nawenso dzuka."

Ndipo zimene anachitira mtengo anayamba kuchitira mwana. Jekete ija anaibisa m'sutikesi. Makatani ankawatsegula m'mamawa. Anaitana amayi a kutchalitchi kuti adzayimbe nyimbo zachimwemwe. Ankamusimbira zoseketsa za kumudzi, ndipo tsiku lina anafika pomukumbutsa kuti akadali mtsikana, amuna sanathe padziko. Elube anali mwana womvera. Anayamba kumwetulira, anapesa tsitsi, anabwerera kuntchito. Mayi ake anathokoza Mulungu, osaona kuti kumwetulirako sikunkafika m'maso.

Kenaka dzuwa linayamba kuchedwa kulowa. Zoyera zija zinasungunuka, madenga n'kumadontha tsiku lonse ngati kuli mvula yosaoneka. Tsiku lina kunawala bwino, ndipo a Nangondo anatulutsa kamtengo kawo kuti kakawothere dzuwa. Kwathu dzuwa likabwerera ndiye kuti chisanu chatha, choncho anakasiya kuti kagone panja. Kutacha anapeza masamba onse ada bii, alefuka ngati awathira madzi owira. Anakathirira, anakapempherera, anakabwezera m'nyumba. Patapita masiku anakanda khungwa ndi chikhadabo, napeza m'kati mouma.

Mlungu womwewo Elube anabwerako kuntchito dzuwa lili pamutu. Anakhala pansi pakhomo, nsapato zili kuphazi, ndipo anakanika kudzuka. Kumwetulira kuja kunatha, ndipo Elube anabwerera pampando wake.

A Nangondo mtima unawawawa, ndipo mantha anakula. Anathamangira ku kamtengo kotsala kaja. Kanali kakadali kakuda, kopanda tsamba, koma mphika tsopano unali utamasuka. Anati aka kokha sakalola kuti kafere panja. Anawerama, nayamba kuukoka.

"Usiyeni, Amayi."

Anali Elube, ataima pakhomo atagwira chitseko.

"Ufa, mwananga. Ndi wokhawu watsala."

"Sunafe, ukugona. Malemu uja ankanena kuti mitengo ya kuno imayamba yakhuta chisanu ndiye imaphuka. Imadikira kuti chisanu chikwane, usana utalike, kenaka imadzuka yokha. Mukaidzutsa msanga masamba imatulutsa ndithu, koma mphamvu imakhala ilibe."

Mayi ake anamufunsa chifukwa chake sanawauze tsiku lija ankalowetsa mphika woyamba.

"Munkasangalala, Amayi. Ndipo ine mphamvu yoyankhula ndinalibe."

A Nangondo anayang'ana kamtengo, nayang'ana mwana wawo. Anachita manyazi, ndipo chisoni chinawagwira. Anabwezera mphika pamalo pake penipeni. Analowa m'nyumba, natsegula sutikesi, natulutsa jekete ija. Anamufunditsa mwana wawo, nakoka mpando wina, nakhala pambali pake. Manja osakhazikika aja anawaika pamiyendo. Pa ntchito zonse zimene anagwirapo moyo wawo wonse, yolemera kwambiri inali imeneyi.

Anakhala choncho masiku ambiri, anthu awiri pawindo limodzi. Akaphika ankaika chakudya pafupi, osakakamiza. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. A Nangondo anayamba kuona zimene kale ankazidumpha. Kunsonga za nthambi kunali tinthu tonga njere za mapira, ndipo tinkafufuma pang'onopang'ono. Mbalame zimene sankazidziwa mayina zinabwera n'kumayimba m'mamawa. Tsiku lina m'mitengo ya kutali munaoneka ngati mwayala utsi wobiriwira, woti ukauyang'anitsitsa sukuuona, ukayang'ana kumbali n'kuuona. Mitengo ina inafulumira. Ina ikuluikulu inachedwa, inakhalabe yakuda pakati pa inzake yobiriwira, ndipo panalibe munthu woikalipira.

Kamtengo ka mkamwini kanali m'gulu la yochedwa. Itafika nthawi yake kanatulutsa timasamba tonga makutu a mbewa, tating'ono koma tochindikala, tobiriwira kwenikweni. Pambuyo pake panabwera maluwa oyera ofiirira m'mphepete, ndipo njuchi zinawapeza.

M'mawa wina Elube anadzuka pampando popanda womuuza. Anatuluka wopanda nsapato, nagwada pafupi ndi mphika, nakhudza tsamba limodzi ndi chala. Anatchula dzina la mwamuna wake. Kenaka analira mokweza, kulira kwa kwathu, kumene kunakana kutuluka tsiku la maliro. A Nangondo pakamwa panawayabwa kuti anene kuti tonthola, koma anadziluma mlomo. Anangogwada pambali pake mpaka misozi inatha yokha.

Atapukuta m'maso, Elube anati, "Amayi, ndili ndi njala."

Inu amene mukundimva, mwina kwanu kuli munthu amene wayoyola masamba. Sakuyankhula, sakuseka, ndipo inu mukuopa. Mantha anuwo ndi chikondi, sindikukana. Koma musamukokere pamoto kuti aphuke lero n'cholinga choti mtima wanu ukhale pansi. Adzamwetulira pofuna kukusangalatsani, ndipo chisanu choyamba chidzamugwetsa. Mufunditseni, muikireni chakudya pafupi, mukhale naye. A Nangondo anaphunzira izi atataya mtengo umodzi. Inu mwina muli ndi umodzi wokha.