Dzina Limene Linatsala M'foni

Panali munthu wina, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene ankakhala ndi mkazi wake kuseri kwa msika, m'boma lina la kumapiri. Ana awo anali atakula n'kupita kutali. Awiriwa anali ndi ntchito imodzi yosalandirapo kanthu. Ankalemba m'buku lalikulu la pa intaneti, lija limene aliyense amaloledwa kulembamo zimene anthu akudziwa za dziko lino.

Bukulo lili ndi zigawo zambiri, chilankhulo chilichonse chigawo chake. Zigawo zina zili ndi olemba ochuluka ngati anthu a mumzinda. Chigawo cha chilankhulo chawo chinali ndi awiriwa basi. Ena ankabwera, kulemba tsamba limodzi, osaonekanso. Mwamunayo ankalemba za mitsinje ndi mapiri. Mkaziyo anali atagwira unamwino moyo wake wonse, choncho ankalemba za matenda, ndipo m'bukumo ankadziwika ndi dzina la chiwongo chake, Nangozo.

Chigawo chilichonse chimadzipangira timalamulo take, koma pali malamulo ochepa amene amamanga zilankhulo zonse mofanana. Usalembe chimene mlendo sangathe kuchitsimikiza. Mukasiyana maganizo, kambiranani poyera, pa tsamba la zokambirana. Ndipo dzina limodzi ndi la munthu mmodzi: usalankhule ndi dzina la wina kuti muoneke ngati mulipo awiri.

Awiriwa ankasunga malamulowo mpaka ana awo ankawaseka. Ankakhala pakhonde limodzi, mawondo akukhudzana, wina ndi foni yake, wina ndi yake. Mwamunayo akalemba kuti mtsinje wakuti suuma chilimwe, ankangoona funso latulukira pa tsamba la zokambirana: "Umboni uli kuti?" Akadzutsa mutu, ankapeza mkazi wake akuyang'ana kumsewu ngati sakudziwapo kanthu, mapewa okha akugwedezeka ndi phwete.

Mwamunayo ndiye ankasunga makiyi a chigawocho, kutanthauza mphamvu yofufutiratu masamba achabe ndi kutseka tsamba limene anthu akuliwononga. Makiyiwo ankachokera kwa akapitawo oyang'anira zilankhulo zonse, anthu odzipereka okhala m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ankangobwereketsedwa kwa nyengo. Nyengo ikatha, wosungayo ankapemphanso, ndipo pankafunika wolemba wina wa chigawo chomwecho anene kuti akuvomereza. Chaka ndi chaka Nangozo ankalemba kuti, "Ndikuvomereza, ngakhale amakangana ndi mitsinje."

Kenako Nangozo anadwala mvula itangoyamba, ndipo chimanga chisanache anamwalira.

Maliro atatha, abale atabalalika, munthu uja anabwerera pakhonde. M'bukumo muli tsamba losonyeza amene walemba posachedwapa. Kale pankaoneka maina awiri osinthanasinthana. Tsopano dzina lake lokha linkatsika kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ankalemba chiganizo n'kudikira pang'ono, koma palibe ankamufunsa umboni.

Sanauze aliyense m'bukumo za imfayo. Foni ya malemu anaiika m'kabati, ndipo ankaitchaja nthawi ndi nthawi osadziwa chifukwa chake. Foniyo inali idakali yolowa m'buku ndi dzina la Nangozo. Mawu achinsinsi olowera sankawadziwa. Mkazi wake anamuuza zonse za moyo wake kupatula amenewo, poti lamulo linkatero.

Owononga sanaleke kubwera. Ena ankatsegula masamba otsatsa zobetcha. Ena ankalowa pa tsamba la malungo, limene Nangozo analilemba mosamala kwambiri, n'kuikapo nambala ya munthu wogulitsa mankhwala abodza. Munthu uja ankafufuta, ankatseka. Mumtima mwake ankaona mayi wina amene mwana wake watentha thupi, akuwerenga tsambalo pa foni yobwereka, ndipo sankalola kuti bodza ligone pamenepo.

Nyengo ya makiyi itatsala pang'ono kutha, iye anapemphanso. Anamuyankha kapitawo wina, mayi wa kudziko lakutali, amene dzina lake linali m'zilembo zimene munthu uja sankatha kuwerenga. Mayiyo analemba mwaulemu, m'Chingerezi chosavuta, kuti akudikira mawu a wolemba wachiwiri monga mwa nthawi zonse, ndipo ngati sabwera, makiyi adzabwerera kwa akapitawo. Munthu uja anaika chidziwitso pa tsamba loyamba, kupempha aliyense wolemba m'chigawocho kuti alankhule. Masiku anapita. Palibe anabwera.

Masana ena kunafika mlamu wake, a Ngozo, mchimwene wa malemu, munthu wogula ndi kugulitsa mbatata, wokonda nthabwala. Anamupeza atakhala ndi mafoni awiri pamwendo.

"Alamu, mwayamba geni ya mafoni?" anafunsa a Ngozo akukoka mpando.

Munthu uja anawafotokozera nkhani yonse. A Ngozo anamvetsera akupukusa mutu.

"Ndiye mukuti dzina la achemwali lidakali lotsegula mmenemo?"

"Lidakali lotsegula."

"Azungu anuwo akudziwa kuti tinaika maliro?"

"Sakudziwa. Ndiponso si azungu onse."

"Kaya ndi amtundu wanji. Nanga achemwali akanakhala pano, akanakana?"

"Akanavomera."

"Ndiye vuto lili pati? Dinani kamodzi, nkhani ithe. Mukuba cha ndani?"

"Achemwali anuwo sindinawafunse," anatero munthu uja.

A Ngozo anaseka mpaka kutsokomola. "Alamu, sukulu inakupwetekani inu. Lamulo analemba anthu oti dziko lathu lino sangaliloze ndi pa mapu pomwe. Kwawoko alipo masauzande, akhoza kumawerengana manja. Kuno muli nokha ngati mlonda wa sitolo yotseka." Kenako anasiya kuseka, n'kunena motsitsa mawu, "Masamba a mlongo wanga aja musawasiyire agalu."

Mawu omalizawo ndi amene anamutsata munthu uja, chifukwa anali oona.

M'mawa mwake anatenga foni ya malemu n'kukhala pakhonde. Anatsegula tsamba la pempho lake. Pamwamba panali dzina la Nangozo, lowala ngati mwini wake wangopita kukatunga madzi. Analemba mawu amodzi: "Ndikuvomereza." Chinatsala n'kudina kuti apite.

Asanadine, anatsegula tsamba losonyeza zonse zimene dzinalo linalembapo chiyambire. Anatsika nalo pang'onopang'ono. Apa anakonza za katemera. Apa anachotsa mphekesera. Apa anamufunsa iye umboni wa mtsinje. Mzere uliwonse unali chinthu chimene mkaziyo ananenadi, ndi zala zake. Mlendo wa chilankhulo chilichonse akanatha kubwera n'kukhulupirira mzere uliwonse, chifukwa kwawonso dzina limodzi ndi la munthu mmodzi.

Ndipo anaona kuti akadina, mawu otsiriza a Nangozo m'bukumo adzakhala mawu amene Nangozo sananene. Tsiku lina wina adzadziwa za imfayo, adzayerekeza masiku, ndipo adzafunsa kuti mwa mizere yonseyi ya mkaziyo ndi iti, ya mwamunayo ndi iti. Pa funso limenelo sipakanapezeka umboni.

Anafufuta mawu aja. Kenako anafunafuna pamene amadina munthu akafuna kutuluka m'dzina lake. Ankadziwa kuti akatuluka sadzalowanso, poti mawu achinsinsi anapita ndi mwini wake. Anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba. Kumsika kunkamveka ma minibasi akuitana anthu.

Anadina. Dzina linachoka pamwamba paja.

Tsiku lomwelo analembera kapitawo uja kuti wolemba wachiwiri sadzabwera, chifukwa anamwalira, ndipo anali mkazi wake. Mayiyo anayankha ndi mawu achipepeso. Ananena kuti m'zilankhulo zonse, wolemba akamwalira dzina lake limatsekedwa kuti wina asadzalankhule nalo. Kenako anapepesa kawiri, n'kunena kuti asanatseke, lamulo limafuna kuti aone umboni.

Munthu uja anawerenga mawu amenewo, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere kumanda anaseka. Kusekako sikunathe bwino. Atapukuta m'maso, anajambula pulogalamu ya maliro n'kutumiza.

Dzina linatsekedwa. Nyengo inatha, makiyi anabwerera kwa akapitawo.

Patapita masiku, munthu uja anatsegula tsamba la Nangozo, limene wolemba aliyense amakhala nalo lofotokoza za iye mwini. Pansi pake panali mzere wochokera kwa kapitawo uja. Pansi pa umenewo panali wina, m'zilembo zoyenda kuchokera kumanja kupita kumanzere. Panalinso wina wa zilembo zozungulirazungulira, ndi wina wa zilembo zonga timipando. Anali anthu a zigawo zina, amene sanamudziwepo Nangozo ndipo sakanatha kuwerenga chiganizo chake ngakhale chimodzi. Anaona pa tsamba la zilankhulo zonse kuti dzina la mnzawo latsekedwa, ndipo anabwera, aliyense kunena mawu ochepa m'chilankhulo cha kwawo n'kusaina.

Foni yake inkatha kumasulira mawuwo. Iye sanaifunse. Anakhalapo pa maliro ambiri, ndipo ankadziwa chimene anthu amanena akagwada pakhomo la namfedwa.

Owononga anabweranso, monga a Ngozo ankaopera. Tsopano munthu uja sankatha kutseka tsamba la malungo. Ankangobweza mawu abwino ndi manja ake, ngati wolemba wamba aliyense, ndipo zofunika kufufutiratu ankakazinena pa tsamba la zilankhulo zonse n'kudikira. Nthawi zina ankadikira mpaka mawa lake, bodza lili poyera, mtima ukumuwawa. Nthawi zina ankadzuka n'kupeza munthu wosamudziwa wadutsa, wasesa, wapita. Pakhonde ankakhalabe yekha, ndipo mpando winawo sanauchotse.

Inu amene mukuyamba kulemba m'buku limeneli, ambiri mwa inu mudzalemba muli nokha, m'chilankhulo chimene akapitawo sakuchimva. Lidzafika tsiku limene lamulo la onse lidzakulandani chinthu chimene mukuchifunadi, pa chifukwa chabwino, popanda wokuonani. Wina wokukondani adzakuuzani kuti lamulolo ndi la anthu akutali. Pamenepo kumbukirani munthu uyu. Anataya makiyi, ndipo sanawapezenso. Koma anthu akutaliwo anadziwa njira ya ku maliro a mkazi wake chifukwa chigawo chake chinali kusunga mwambo umodzi ndi chawo. Ndipo mpaka lero, mzere uliwonse umene uli pansi pa dzina la Nangozo ndi wa Nangozo.