Lipenga la Bambo

Mmisiri wina wowongola magalimoto ankadana ndi chitsulo chopindika. Akaona ngakhale poto wopindika kukhitchini kwa eni ake, manja ankamuyabwa. Ndiye tangoganizani mmene ankamvera akaona lipenga la bambo ake, lothimbirira, lopindika kukamwa, utoto utasupuka pogwira.

Bambowo anakalambira m'gulu loimba jazi. Lipengalo linali lakalekale, la mtundu umene oimba amaufunafuna osaupeza, ndipo anawasiyira ndi amene anawaphunzitsa kuimba. Tsopano mano akutsogolo anali atayamba kugwedera, dokotala atanena kuti achotsedwe. Wopanda mano amenewo saliza lipenga. Choncho anzawo otsala anakonza zoti Loweruka masana aimbe nawo komaliza.

Bambo atapita kukagona kwa mwana wawo wamkazi, mmisiri anatsitsa bokosi la lipengalo pamwamba pa kabati.

"Mwawafunsa eni ake?" anatero mkazi wake.

"Ndikawafunsa akana. Ukufuna akaime pamaso pa anthu ndi chitsulo ngati chotola kudzala?"

"Inu mumadziwa magalimoto, bambo a mwana. Izi n'zina."

"Chitsulo n'chitsulo," anayankha, n'kutuluka.

Koma ndiye anagwira ntchito, musanene. Anawongola ndi kanyundo, anapala ndi sandipepa mpaka mkuwa kuyera, kenako anapopera vanishi wa galimoto, wokhuthala, kuti lisadzathimbirirenso. Anzake m'galaja anaombera m'manja. Iye anabwerera kunyumba msana ukuwawa, mtima uli mbee.

Bambo anafika Loweruka m'mawa. Anatsegula bokosi. Anatenga lipengalo, chala chachikulu chikufufuza malo amene chinazolowera kukhala, pamene panali kadzenje kosalala. Panalibe. Anadina mabatani atatu a lipengalo. Lachiwiri linalowa, osabwereranso, vanishi ataumira m'kati. Analikoka ndi chikhadabo, n'kuika lipenga pamlomo. Mawu anatuluka opyapyala, olira ngati chitini, si aja onenepa amene ankatontholetsa holo yonse. Mkuwa unali utapalidwa mopitirira.

"Likuwala bwino," anatero bambo, mawu ali pansi.

"Ndimati ndikusangalatseni, bambo."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma paja pogwirapa sindinayambe kupasalaza ndine. Panali dzanja la aphunzitsi anga, langa linangopitiriza. Ukanandifunsa, ndikanakuuza."

Sanakalipe, ndipo n'zimene zinamupweteka kwambiri mmisiriyo. Bola akanamutukwana.

Masana anapita onse kuholo. Mnyamata wina wa m'gululo anabwereketsa lipenga lake latsopano. Bambo anayesa nyimbo imodzi, koma chinthu chachilendo pamilomo yotopa sichimvera msanga. Mawu anasweka pakati, iwo anabweza lipenga kwa mwini wake, n'kukakhala pampando wakutsogolo. Anamvetsera anzawo mpaka kumapeto, zala zitatu zikudina pabondo.

Mmisiri anaima kumbuyo, pafupi ndi khomo. Anali atawongola zitsulo moyo wake wonse, koma ichi chokha sakanatha kuchibwezera mmene chinalili. Mano anachotsedwa sabata yotsatira, ndipo bokosi linabwerera pamwamba pa kabati, muli lipenga lonyezimira lopanda woliza.

Mkazi wake sananene kuti ndinakuuzani. Panalibe chifukwa. Mmisiriyo anali atadziwa kale kuti akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.