Manambala a Elsie

Mu Novembala 2019 magetsi ankazima tsiku lililonse ku Shimabala, ndipo thambo linkaoneka bwino. Elsie, mtsikana wa Giredi 11, ankakonzekera mpikisano wa sayansi wa ku Lusaka. Wopambana ankalipiridwa maphunziro a ku koleji.

Ntchito yake inali kuyeza kuwala kwa Betelgeuse, nyenyezi yofiira yoyandikana ndi zitatu zondondozana zija. Akatswiri a zakuthambo amapatsa nyenyezi iliyonse nambala: yowala kwambiri imatenga nambala yaing'ono, yozilala yaikulu. Wopanda makina amayerekeza nyenyeziyo ndi zinzake za manambala odziwika. Mitambo ikapatuka madzulo, Elsie ankatero. Mu Novembala Betelgeuse inkafanana ndi nyenyezi yotchedwa Aldebaran, ya 0.9. Pofika Febuluwale inali italingana ndi Bellatrix, 1.6.

Bambo ake, a Gershom Mwale, anaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu. Ataona kope la mwana wawo, anatsegula buku lawo lakale n'kuloza pamene panalembedwa kuti Betelgeuse ndi 0.5.

"Adadi, tulukani chabe muone mweka," anapempha Elsie.

"Nyenyezi si kandulo, mwana wanga. Ufuna ukanichititse manyazi ku Lusaka?"

Khomo linali pafupi, koma sanatuluke. Mkazi wawo anawauza kuti afunseko a Collins, mphunzitsi wa sayansi wa nyumba yachitatu, koma a Mwale anati sangaphunzitsidwe ndi munthu amene anamuphunzitsa okha. Elsie anakopera zonse m'kope latsopano, tsiku lililonse 0.5.

Pa 7 Malichi, mayi wina woweruza mpikisano anatsegula masamba a kope latsopano lija mosafulumira.

"Dziko lonse laona nyenyezi iyi ikuzilala kwa miyezi inayi. Iwe unali kuyang'ana kumwamba kapena m'buku?"

Elsie sanatchule bambo ake. Anatola kope lake, n'kukwera minibasi yobwerera ku Shimabala.

Madzulo amenewo a Mwale anatuluka, koma kunali mitambo. Mu Epulo nyenyezi ija inawalanso monga kale, ndipo chaka chotsatira Elsie sanalinso mwana wa sukulu woti n'kupikisananso. Lero amagulitsa mankhwala a mbewu pafupi ndi siteshoni ya sitima.

Kope loyamba lija a Mwale amalisunga mkati mwa buku lawo. Anayerekeza manambala ake ndi amene akatswiri anafalitsa, ndipo sanapezemo choti akonze ndi cholembera chawo chofiira. Mwana wawo sawakumbutsa nkhaniyi, nawonso amasowa poyambira.

Akale sananame: safunsa anadya phula.