Mbuzi ya Nankhoma ndi Liwiro la Kudambo

Kalekale, anthu asanadziwe ndalama, kuseri kwa phiri kunali mudzi wa anthu okonda liwiro. Akakolola, anyamata amathamanga, akulu amabetcha. Uyu nkhuku, uyu khasu, uyu mbuzi.

Kubetchako kunabala ndewu. Ndewu lero, ndewu mawa. Akuluakulu a pabwalo anatopa nayo milandu, ndipo analamula kuti wopezeka akubetcha adzalipa mbuzi ziwiri. Mudzi unati zii.

M'mudzimo munali mayi woumba mbiya, dzina lake Nankhoma. Mwamuna wake anali Kachigamba, munthu wansangala koma wa manja oyabwa. Nankhoma anali ndi mbuzi imodzi, yoyera, ya bere. Anaigula ndi mbiya zake, zoumba yekha, zowotcha yekha.

Tsiku lina m'mawa anapeza khola lili pululu. Kachigamba anati fisi wagwira. Nankhoma anayang'ana pansi, magazi panalibe. Anayang'ana pamtengo pomwe ankaimangirira, chingwe chinali chochita kumasula.

"Amuna anga," anatero, "fisi wa chaka chino ngodziwa kumasula mfundo."

Kachigamba anangokanda m'mutu. Anatenga khasu nati akupita kumunda, munda wokolola kale.

Nankhoma anasenza dengu kupita kudambo kukakumba dongo. Anakumba, anakumba. Kenaka anamva phokoso kuseri kwa bango. Anatula dengu, nayenda monyang'ama, nasuzumira.

Amuna onse a m'mudzi anali komweko. Lamulo silinaphe kubetcha ayi, linangokusamutsa. Mbuzi yake inali pomwepo, chingwe chili m'manja mwa Chimtokoma, munthu amene anadzisankha yekha kukhala wosunga zobetcha. Wosunga anali iye, wobetcha analinso iye.

Othamanga anali awiri. Wina anali Msakambewa, amene ankagwira gwape ndi miyendo. Wina anali Dzoole, wa mimba ngati mtsuko. Kachigamba anabetcha pa Msakambewa, ndipo ambiri anachita chimodzimodzi. Chimtokoma yekha anabetcha pa Dzoole.

Analiyamba liwiro. Msakambewa patsogolo, Dzoole kumbuyo. Msakambewa patsogolo, Dzoole kumbuyo. Atatsala pang'ono kufika, pamalo opanda chitsa, opanda dzenje, Msakambewa anagwa chagada nagwira bondo. Dzoole anadutsa ali wefuwefu. Nankhoma anaona bwinobwino wakugwa uja akumutsinzinira diso Chimtokoma.

Amuna anang'ung'udza, koma panalibe wonena zokasuma. Ukasuma bwanji, poti kusumako ndiko kudziulula? Chimtokoma anakusa nkhuku, makasu ndi mbuzi yoyera, ulendo wa kwawo.

Nankhoma anaonanso china. Pachulu panakhala a Chadzunda, mkulu wa akuluakulu onse, amene analengeza lamulo lija ndi pakamwa pawo. Anali atagwira tsaya, akudandaula bakha wawo.

Kunyumba Nankhoma sanakalipe. Anaphika, anadya. Atatha kudya anangomuuza Kachigamba kuti zakudambo waziona, mawa avale nsalu yabwino, apita kubwalo. Kachigamba anamupempha kuti aisiye nkhaniyo, poti mbuzi imodzi yapita kale, ziwiri zina akazipeza kuti. Nankhoma anati nsalu yabwinoyo ili pachingwe.

Kutacha, bwalo linadzaza. Nankhoma anagwada, naomba m'manja, nafotokoza zonse: za chingwe, za bango, za bondo lopweteka popanda chitsa. A Chadzunda anatsokomola, nafunsa ngati ali ndi mboni.

"Mboni yanga ndinu, agogo," anatero Nankhoma. "Munakhala pachulu. Pepani za bakha wanu."

Mayi wina kumbuyo analephera kudzigwira. Kuseka kunagwira amayi, kunagwira anyamata, kunafika kwa akuluakulu. A Chadzunda anaseka mpaka misozi, nati bakhayo analidi wonona.

Atapukuta misozi anafunsa kuti tsono atani. Aliyense wolakwa akalipa mbuzi ziwiri, woweruza yemwe alipa, ndipo makola onse atsala pululu.

Nankhoma anati iye sanadzere chilango. "Moto wa pabwalo timawotha tonse," anatero. "Moto wobisa m'thumba umatentha mwini wake. Bwezani liwiro pabwalo, tiziliona ndi maso."

Anakambirana mpaka dzuwa linafika paliwombo. Anagwirizana kuti liwiro lizichitika pabwalo, masana, anthu atakolola. Mbewu yosungira kudzala isamabetchedwe, khasu lisamabetchedwe. Amayi anaumirira kuti munthu azibetcha chake chokha, osati cha mkazi wake, ndipo ana asamayandikire n'komwe. Wosunga zobetcha azisankhidwa ndi onse, ndipo iye asamabetche. Wogwa dala asadzathamangenso. A Chadzunda anawonjeza kuti wopambana azisiya kankhuku kamodzi kodyetsa okonza mlatho wa pamtsinje.

Chimtokoma anabweza zonse, mutu uli pansi. Msakambewa anachira bondo tsiku lomwelo. Mbuzi yoyera inabwerera m'khola mwake, ndipo isanathe sabata inaswa ana awiri.

Posankha wosunga zobetcha, anthu sanavutike. Anasankha Nankhoma.

Chaka chotsatira, atakolola, ng'oma inalira pabwalo. Nankhoma anakhala pamphasa, anthu akubwera mmodzimmodzi. Anabwera wina ndi dengu la mbewu, anamubweza. Anabwera wina ndi mphika wa apongozi ake, anamubweza. Kenaka anabwera Kachigamba, atakupatira tambala.

Nankhoma anamufunsa ngati tambalayo ndi wake. Kachigamba anati ndi wakewake, anali malipiro ake pofolera denga la mnansi. Nankhoma analandira.

Anyamata anathamanga. Amene Kachigamba anamusankha anathamanga ndi mtima wonse, koma anafika wachiwiri. Tambala anapita. Panalibe ndewu, panalibe wong'ung'udza, poti onse anaona ndi maso awo. Wopambana anapha tambalayo tsiku lomwelo naitana Kachigamba ndi mkazi wake. Kachigamba anadya ntchafu ya tambala wake yemwe, nati sanadziwe kuti ankaweta nyama yokoma chotere.

Wamva, mwana wanga? Chimene anthu sangachisiye usachithamangitsire kutchire, kumene wakuba amakhala mfumu. Chiike poyera, uchimangire mpanda. Ndipo iwe ukadzafuna kubetcha, udzabetche chokhacho chimene chikapita udzasekabe.

Ndi pomwepo pamene yathera nthano yanga.