Zimene Chitsa cha Mlombwa Chinasunga

Njiri ndi Nungu ankakhala una umodzi m'mbali mwa phiri, ndipo ankagwirizana pa zonse kupatula nkhani ya madzi. Njiri anali mayi wa phuma, wofuna kuti chimene chaganizidwa m'mawa chichitike dzuwa lisanafike pamutu. Nungu anali wachidodo moti ngakhale moni ankayamba wauganizira kaye asanayankhe. Mvula inali itavuta zaka zingapo, choncho Njiri, amene anali woyembekezera, ankafuna kusamukira kumtsinje kuti ana ake asadzazunzike ndi ludzu.

"Inu a Nungu mumatha masiku osamwa madzi, nanga ine?" anatero Njiri. "Ana anga azidzatsika phiri lonseli ndi timiyendo tawo tanthete?"

"Tiyeni tione kaye, achemwali," anayankha Nungu. Yankho lake pa chilichonse linali lomweli, ndipo Njiri linali litamufika pakhosi.

Chaka chimenecho anthu ocheka matabwa anadula mlombwa waukulu umene unali m'mphepete mwa mtsinjewo. Thunthu anatenga, nasiya chitsa chotakata moti njiri ziwiri zikanatha kugonapo. Gogomole, mbalame yogogoda mitengo ija, mphako yake inali mumtengo womwewo. Tsopano ankangoswera pachitsapo ali khuma, osadziwa kolowera.

Tsiku lina Njiri anamukoka Nungu kuti akaone pamene anasankha kukumba una watsopano, ndipo anamupeza Gogomole ali pomwepo. Atamupepesa pa zimene zinamuonekera, Nungu anayamba kuyang'anitsitsa pamwamba pa chitsacho. Panali mizere yozungulira yambirimbiri, wina mkati mwa unzake, kuchokera kukhungwa mpaka pakati.

"Kodi mizereyi anajambula ndi anthu aja?" anafunsa Nungu.

"Ayi, ndi mtengo womwewu," anatero Gogomole. "Ine ndakalamba ndikuboola mitengo, ndiye ndimaiona. Dzinja lililonse mlombwa umawonjezera mzere umodzi kunsi kwa khungwa. Mvula ikagwa bwino mzerewo umanenepa, kukakhala chilala umaonda ngati ulusi. Wa kukhungwawu ndi wa chaka chatha, ya pakatiyo ndi ya kalekale mtengo ukadali kamphukira."

Njiri anagwada monga achitira akamadya, nayamba kutsata mizereyo ndi mphuno. Ya kukhungwa inali yoonda, zimene sizinamudabwitse. Kenaka inanenepa kwa kanthawi, ndipo atalowako pang'ono anapeza ina yoonda kwambiri, yothinana ngati mano a chipeso.

"Mwaona a Nungu? Chilala tili nachochi chinabwerapo kale, ndipo chinakhalitsa kuposa pano. Wokhala kutali ndi madzi adzalira." Atatero anadzuka n'kusasa fumbi m'mawondo. Kwa iye kuwerenga kunathera pomwepo, poti chimene ankafuna anali atachipeza.

Nungu anatola munga wake umene unathothoka, nayamba kulozera mizere umodziumodzi uku akuzungulira chitsa chonse. Atafika mbali yoyang'ana kumene madzi amachokera, anaima. Pomwe mizere yoonda ija inathera panali chipsera chakuda, ndipo mkati mwake munali mchenga ndi timiyala. Atalowa mkati anapezanso mizere ina yoonda ndi chipsera chake, ndipo chinanso chinali pafupi ndi pakati.

"Bala lotere limabwera madzi akamamenyetsa zipika ndi miyala pamtengo," anafotokoza Gogomole. "Mtengo umapola n'kupitiriza kukula, koma chipseracho umachikwirira mkati."

"Achemwali, tabwerani mbali ino," anatero Nungu. "Chitsachi chili pamwamba kuposa pamene mukufuna kukumba, koma madzi anafika pano. Ndipo zikuoneka kuti chilala chachitali chikamatha, madzi amabwera olusa."

Njiri sanasunthe. "Amayi anga anakulira kuno, agogo anganso chimodzimodzi. Za madzi otere sanandiuzepo."

Nungu anaika dzanja pa mizere yochepa ya kufupi ndi khungwa. "Amayi anu ndi agogo anu onse akukwana pakadzanja kangaka. Kodi za chilala chakale mwachikhulupirirachi, anakuuzani ndi iwo?"

Funso limeneli linamulasa Njiri, ndipo anapsa mtima. Ananena kuti Nungu ndi wamantha ndiponso waulesi wosafuna kukumba. Dzuwa lisanapendeke anali atayamba kale kufukula dothi m'gombe la mtsinje. Nungu anakwera phiri yekha, munga uja akadali nawo m'manja.

Kunena zoona, Njiri sananame pa za chilala. Chilimwe chimenecho dzuwa linaotcha mpaka udzu unasanduka fumbi, ndipo mtsinje unauma n'kutsala mchenga wokha. Njiri anabereka ana anayi, ndipo ankangofukula mchenga pakhomo pake madzi n'kutuluka. Anawo ananenepa, makamaka mzime, kamwana kokonda tulo kamene kankagona kumathero kwenikweni kwa una.

Nungu naye ludzu linamutsitsa phiri, ataonda mpaka minga kumagwedera. Njiri anamupatsa madzi ndi mtima wonse, koma pakamwa sanatseke. "Imwani a Nungu, madzi olusa aja ndi amenewa. Samalani angakukokoloreni."

Nungu anamwa mwamanyazi, ndipo mumtima anayamba kukayika ngati anawerenga bwino. Potsanzika anangonena motsitsa mawu kuti, "Mvula ikayamba mudzabwerere kumtunda, malo anu ndikusungirani." Ananena kamodzi kokha. Mitambo itayamba kuda anaganiza zotsika kukakumbutsa, koma anadziuza kuti aone kaye.

Mvula inagwa kumapiri masiku otsatizana, pamene kumtsinje kunkangowaza. Tsiku lina masana, dzuwa likuwala, kunamveka mkokomo ngati wa chimphepo koma masamba osagwedezeka. Gogomole, amene anali pamwamba pa mtengo wina, anaona madzi ofiira akubwera atasenza zipika. Anakuwa ndi mawu ake onse kuti, "Mayi Njiri, thawani, madzi!"

Njiri anaitana ana ake n'kuimika mchira kuti azimuona m'tchire, nathamangira kumtunda liwiro la mtondo wadooka. Atafika pokwera anacheuka. Pambuyo pake panali ana atatu. Anatembenuka kuti abwerere, koma pamene panali una wake panali pakudutsa chigumula, ndipo ngakhale chitsa chija chinali chitamira.

Amene anamupeza pomwepo anali Nungu, amene tsiku limenelo anathamanga kwa nthawi yoyamba pa moyo wake. Sananene kuti ndinakuuzani. Anawatsogolera ku una wakale uja, ndipo mbali imene Njiri ankagona inali yosesa bwino. Onse awiri analira, Njiri chifukwa sanamve, Nungu chifukwa sanatsike kukanenanso.

Madzi ataphwa, Njiri anatenga ana atatu aja n'kupita nawo kumtsinje. Chitsa chinali chikadalipo, chitakutidwa ndi matope. Pambali pake panali kamlombwa kakang'ono kamene kanapulumuka, koma mbali yoyang'ana kumene madzi amachokera khungwa lake linali litasupuka, utomoni wofiira ngati magazi ukuchucha.

"Aka kalemba kale za chaka chino," anatero Gogomole. "Kadzapola, ndipo obwera m'tsogolo sadzaona kanthu kunjaku."

Njiri anapukuta matope pachitsa ndi mphuno yake, nauza anawo kuti agwade. Anayamba nawo kukhungwa, mzere ndi mzere, akuzungulira mbali zonse osadumpha chipsera ngakhale chimodzi. Dzuwa linapendeka iwo asanafike pakati, koma mayi wa phuma uja sanadzuke.

Mwana wina anafunsa kuti, "Amayi, kodi kamtengo aka kalembanso za mng'ono wathu?"

"Ayi mwanangu," anayankha Njiri. "Mtengo umalemba za madzi okha. Za mng'ono wanu ndizikuuzani ndine, ndipo inu mudzauze ana anu asanasankhe pokumba."

Phunziro: Zimene ife ndi makolo athu tinaona ndi zochepa poyerekeza ndi zimene dziko laona. Pofufuza zakale tisalekere pamene tapeza zogwirizana ndi maganizo athu, tione mbali zonse. Ndipo amene waona ngozi asaope kuchenjeza mnzake kachiwiri.