Maseche a Msatero ndi Maso a Nkhono

Ana inu, ndani mwa inu anaonapo maso a nkhono? Musathamangire kuyankha, chifukwa ndikukudziwani, nkhono mumangoiponda kapena kuigenda. Khalani pansi mumve za munthu woyamba kuwaona.

Kalekale, m'mudzi wina wa m'tsinde mwa phiri munali mayi dzina lake Nagama. Anali wakhama pantchito, koma makutu ake analibe chitseko. Nkhuku ikatetera kuseri kwa nkhokwe, iye watembenuka. Anthu akamakangana kutsidya, musi waima m'mwamba, iye watchera khutu. Ndiwo zimene anapsereza n'zosawerengeka, moti mwamuna wake Dzinkambani anachita kuzolowera.

Banjali linali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kotchedwa Msatero. Kanabadwa kosamva ndipo sikankalankhula. Kuti azidziwa kumene kali, mayi ake anakamanga maseche kumwendo, tizipatso touma tija tanjere m'kati, tolira tswee tswee munthu akamayenda.

Nyengo ya mvula itayamba, Nagama anatenga dengu ndi mwana wake kukazula bowa kunkhalango. Ali m'kati mozula, anamva amayi awiri akulimbirana bowa kuseri kwa chulu. Mukuganiza anatani? Anasiya dengu n'kusendera kuti amve amene anayamba. Pobwerera anapeza dengu lili pomwepo, mwana palibe.

Anakuwa mpaka mudzi wonse unafika. Mwambo wa kumeneko unali wakuti munthu akasochera, amamuimbira ng'oma kuti aimve n'kuitsata. Choncho anyamata anabwera ndi ng'oma, amayi akumenya makasu, amuna akufuula kuti, "Msateroo!" Agalu nawo akuuwa. Mantha amapusitsa, ana inu. Mudzi wathunthu kuitana mwana wosamva, osapezeka ndi mmodzi yemwe woganiza!

M'nkhalangomo munali mbuna zakale, maenje akuya amene alenje ankakumba pokola nguluwe, ndipo zambiri zinali zitabisika ndi udzu. Kumwamba mitambo inali itada bii. Aliyense ankadziwa kuti ngati mwana wagwera m'mbuna, mvula ikagwa madzi amumiza.

Nagama ankathamangira kulikonse kumene kwamveka kanthu. Kwathyoka kamtengo, iye uko. Yauluka nkhwali, iye uko. Potsiriza atatopa anakhala pansi pafupi ndi mwala akulira. Pamwalapo panali nkhono itadzipinda m'chigoba chake chifukwa cha mgugu wa mapazi a anthu. Ataiyang'ana anaganiza kuti, "Kanthu aka kabisala chifukwa cha phokoso lathu. Nanga maseche a mwana wanga, si phokoso lomweli lawakwirira?"

Dzinkambani anamupeza ali chikhalire. "Amake Msatero, mwana wasowa inu n'kukhala pansi? Dzukani!"

"Sindidzuka, bambo," anayankha Nagama. "Auzeni asiye ng'omazo."

"Mwazungulira mutu kodi? Tisiye ng'oma mvula ili pafupi chonchi?"

"Mukuimbira yani? Mwana wanuyo anayamba wamvapo ng'oma? Ndati asiye!"

Dzinkambani anagwira pakamwa ndi manyazi. Anathamanga kukaletsa oimba ng'oma, ndipo anthu anagwira agalu awo.

Koma nkhalango sikhala chete. Nyenje zinkalira, achule akuyankha kudambo, mtsinje ukusokosa, mabingu akugunda kuseri kwa phiri. Chilichonse chinkamukoka Nagama khutu monga mwa nthawi zonse. Apo anadziuza mumtima kuti, "Maso anga ndawamangirira pa nkhono iyi. Sindicheuka mpaka itulutse mutu. Makutu anga lero afune chinthu chimodzi basi."

Linthumbu linamuluma pamwendo, iye sanakande. Mayi wina anakuwa kuti, "Taonani, kansalu uko!" Anthu anakhamukira komweko, ndipo mtima wa Nagama unauluka nawo. Khosi linafuna kutembenuka, koma analuma mlomo mpaka magazi. Anachita bwino, chifukwa kansaluko kanali duwa chabe. Madontho oyamba a mvula anamugwera pamsana, iye ali duu.

Pang'onopang'ono nkhono ija inatulutsa mutu. Kenako inatambasula tinyanga take, ndipo kunsonga kwa tiwiri tatitali kunali timadontho takuda tikumuyang'ana. Nthawi yomweyo, pansi pa kulira kwa nyenje ndi mkokomo wa mtsinje, anamva kanthu kakang'ono. Tswee. Anadikira osapuma. Tswee, tswee.

Anaimirira n'kuloza. "Uko, bambo, kuseri kwa msuku uwo. Pansi!"

Atakankha udzu anapeza mbuna, ndipo m'katimo munali Msatero, matope thupi lonse, akupalasa mwendo pofuna kukwera. Dzinkambani anatsika ndi chingwe cha luzi n'kumutulutsa. Asanafike n'kumudzi komwe, chimvula chinakhuthuka, ndipo alenje amene anadutsa pambuyo pake anapeza mbunayo itadzaza madzi mpaka pakamwa. Nagama anayenda njira yonse atamukumbatira mwanayo, akulira ndi chimwemwe.

Anthu anamufunsa kuti, "Inu Nagama, amene mumatembenukira ngakhale ntchentche, mwamva bwanji zimene tonse sitinamve?"

Iye anati, "Ndinadekha mpaka ndinaona maso a nkhono."

Ambiri anaseka, amvekere, "Nkhono ili ndi maso?" Ena anakaitola kuti adzionere okha. Anaigwedeza, anaitokosa ndi kamtengo, anacheukira uku ndi uku, ndipo anabwerako osaona kanthu.

Kuchokera pamenepo akuluakulu amati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chofunika nthawi zambiri chimakhala chaching'ono ndipo sichifuula. Dziko silingakukhalireni chete, ana inu. Nyenje zidzalirabe, wina adzakuwabe kuti taonani uko. Ndinu amene muyenera kukhazika mtima pansi, kusankha chimodzi n'kuchigwiritsa, zinazo zidutse.

Sindikunamizani, Nagama ndiwo ankapserezabe nthawi zina. Koma kulira kwa maseche aja sikunamusowenso m'khutu mpaka Msatero anakula.